Chiwanda Chimene Anandichotsa ku Mgodi wa Malasha

Ndakuonani, ana inu. Kuyambira dzulo pamene tinachoka kumanda kovundukula chiliza cha Sekuru Jonasi, mlamu wanga uja, mukungondiyang'ana cham'mbali n'kumatsinana. Iwe Rudo, m'mawa muno wandipatsa tiyi utatambasula mkono ngati ukudyetsa galu woluma. Ukuopa kuti chikadalimo? Mlaliki uja anachita kufuula pamaso pa Chipinge yense kuti malemu anali munthu wa mphamvu, anachotsapo chiwanda mwa mlamu wake pansi pa nthaka, ndipo anthu onse anatembenuka kuyang'ana ine. Agogo anu aakazi anangobisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mumayesa akulira mchimwene wawo? Amaseka amenewo.

Bwerani pakhonde pano, mvula yowazayi sikata msanga. Tinashe, foni ilowe m'thumba. Ndiyankhula Chinyanja, chifukwa nkhaniyi inavutira pa chilankhulo pomwepo. Amene sakumva afunse, asangogwedeza mutu ngati gulo.

Ine ndinabadwira ku Mulanje, pakati pa tiyi. Mayi anga ankathyola tiyi, bambo anga ankadulira tiyi, ndipo ine ndili mnyamata ndinalumbira kuti dengu silidzakhala pamsana panga. Ndinanyamuka ndi bulangete, makaka a chinangwa ndi chiponde m'kachitini, n'kukwera galimoto za ulere zimene zinkatenga anthu ofuna ntchito. Inu mukadikira kombi, timinibasi tanu tija, pang'ono pa siteji ya Gaza mumayamba kudandaula kuti miyendo yatopa. Ife tinkakhala pa thabwa, fumbi likulowa mpaka m'mano, osadziwa n'komwe kumene akatitsitse. Anakanditsitsa kumadzulo uko, dziko lotentha ngati chiwaya, ku mgodi wa malasha. Walira mvula walira matope. Ndinathawa mame a m'tiyi, ndinakapeza mdima.

Pansi paja sipali ngati dzenje limene mukuganiza. Ndi mzinda. Misewu yopingasana, njanji, ngolo zachitsulo, nsichi zochirikiza denga, zonse zakuda bii. Munthu umangoona pamene yaloza nyali ya pachisoti chako. Koma chinthu chimene tinkachisamala kuposa chakudya chinali mpweya. Kumtunda kunali chifani chachikulu ngati nyumba, chozungulira usana ndi usiku, chokoka mpweya wakale kuti watsopano ulowe mbali ina. Ndiye mpweya ndi waulesi, ana inu, kuposa Tinashe. Ukaupatsa njira yachidule umadutsa pomwepo, sufuna kuzungulira mpaka kumapeto kumene anthu akukumba. N'chifukwa chake m'misewu ina munali zitseko zolemera zoti ukadutsa utseke, ndipo cha kumapeto tinkapachika malona, zinsalu zokhuthala zija, kuti mpweya uziyenda m'mbali mwake ngati madzi m'ngalande. Chitseko chimodzi chikatsala chotsegula, anthu a kumapeto amatsala opanda mpweya, iwo osadziwa.

Mungati vuto n'kubanika. Ayi, kubanika kumabwera mochedwa. Malasha amatulutsa gasi. Gasi wa m'silinda amene amayi anu amaphikira amanunkha, mumathamanga kukatseka. Wa m'malasha sanunkha, saoneka, salawika. Ndi wopepuka, amakwera n'kukakhala kudenga phee. Mpweya ukamayenda umamutenga pang'onopang'ono n'kupita naye. Mpweya ukaima, iye amachuluka, ndipo akasakanikirana bwino amangodikira kamoto kamodzi, ngakhale kothetheka pamene chitsulo chagunda mwala. Akayaka amadzutsa fumbi la malasha, fumbilo n'kuyakanso, moto n'kumathamanga msewu ndi msewu kuposa sitima. N'chifukwa chake pakhomo la mgodi ankatisecha mpaka m'masokosi. Machesi ayi, ndudu ayi. Osuta ankangodalira fodya wamphuno. M'misewu tinkawaza fumbi loyera la miyala ngati ufa kuti la malasha lisayake, moti tikatuluka tinkaoneka ngati mbidzi.

Patapita zaka anandipatsa ukapitawo wa kagulu, ndi nyali ya gasi. Eee, kanyali kameneko! Kamkuwa, kagalasi kokhuthala, pamwamba sefa wawaya kuti lawi lisatulukire kunja. Sinali nyali younikira. Unkachepetsa lawi mpaka litsale ngati njere ya mpunga, n'kukweza nyaliyo pang'onopang'ono kudenga. Ngati kuli gasi, pamwamba pa lawilo pankamera kachipewa kobiriwira ngati thambo, kosaoneka bwino. Kachipewa kakatalika, iwe fupikitsa nkhani. Masiku ano akuti ali ndi timakina tolira tokha. Zabwino zimenezo, sindine nkhalamba yodana ndi zatsopano. Koma kanyali kanga ndinkakapukuta kuposa nsapato zanga za kutchalitchi.

Ndiye kunabwera Jonasi. Mnyamata wamtali wa Chindau, wa kuno ku Chipinge, mutu wometa mpala, ndevu zongoyamba, mpostoli wotentha. Loweruka ankavala gamenti, mkanjo wake woyera uja, n'kupita kutchire ndi ndodo yake kukapemphera. Mtima wabwino ngati mwana, mphamvu ngati ng'ombe, koma kufunsa ayi. Atsopano ankawaphunzitsa zonse za gasi m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chija chosakaniza, ndipo Jonasi ankangoti ehee, ehee, mutu ukugwedera. Safunsa anadya phula. Ine ankanditchula Achimwene, monga ankatitchulira tonse a ku Nyasalande. Ndinamukonda chifukwa ku komboni ankandigawira nyemba zake iye akamasala kudya, ndipo ankasala kawirikawiri. Ntchito yake inali ya mgwala, chitsulo chachitali chija. Ankagogoda nacho denga kuti amve ngati mwala uli wolimba, n'kugwetsa zofuna kugwa.

Kuti mumvetse, m'chigawo chathu munaferapo munthu kale, ife tisanafike, mwala utamugwera. Ndiye pamene gasi akutuluka m'ming'alu ya malasha nthawi zina amalira tsiii, ngati njoka. Anyamata ena pofuna kuopseza atsopano ankati ameneyo ndi malemu uja akuitana. Ife tinkaseka. Jonasi sankaseka. Ankangoyang'ana kumeneko, milomo ikuyenda.

Tsiku limenelo tinalowa m'mawa monga mwa masiku onse. Poyamba ndinayeza, kunali bwino, ntchito inayamba. Patapita kanthawi ndinamva thukuta likuyenderera kumsana osauma. Munthu wa pansi amamva mpweya ndi khosi, pamakhala kamphepo kokusisita kumbuyo kuno tsiku lonse mpaka umakaiwala. Kanali katasiya. Ndinayang'ana lona, limene masiku onse linkatupa ngati mimba ya munthu wokhuta, ndinaona langoti lende. Ndinachepetsa lawi, ndinakweza nyali. Mayo ine! Kachipewa kaja sikanachite kufunafuna. Kanaima katalitali, nyali isanafike n'kudenga komwe.

Ndinatsitsa nyali mwaulemu ngati ndanyamula dzira, chifukwa ukaigwedeza mwamphamvu ungathe kukankhira lawi kunja kwa sefa. Ndinauza anyamata kuti aike zitsulo pansi mosaponya, atuluke, wina akazimitse magetsi a chigawo chonse, wina athamange kukaona zitseko. Anatuluka mwakachetechete. Ndikuwayang'ana nkhope mmodzimmodzi, ndinaona kuti wamtali palibe. Kenako ndinamva kutsogolo, m'kamsewu kakumbali kothera pa khoma, khoo, khoo. Jonasi akugogoda denga. Kumene kunali gasi wambiri kuposa kwina konse.

Ndinapatsa mnzanga nyali ija kuti atuluke nayo, ine n'kulowera kumeneko. Musandiyese ngwazi. Ndinkaopa ndithu. Ndipo mantha ali ndi khalidwe lake, ana inu. Amakuvula zilankhulo zonse zobwereka n'kukusiyira cha mayi ako. Chilapalapa chinathawa, Chingerezi changa chochepacho chinathawa. Ndinangofuula kuti, "Jonasi! Mpweya woipa! Mpweya woipa uko!"

Rudo, ukuseka kale, wamva pamene pali nkhani. Tanena, m'Chishona chanu mweya wakaipa n'chiyani? Ehee. Kwathu mpweya ndi uwu tikupumawu, basi. Mzimu ndi mzimu, mpweya ndi mpweya. Koma kwa anthu a kuno mawu ndi amodzi, ndipo kutchalitchi kwa Jonasi mweya wakaipa ndi chiwanda.

Anatembenuka, nyali yake inandithobwa m'maso. "Mweya wakaipa?" anafunsa. "Uripi, Achimwene?" Ndiye kuti, uli kuti.

Ine chitsiru ndinaloza. "Uko! Kudenga, kumapetoko!"

Ndinaona munthu akuwongoka, chifuwa patsogolo, nkhope ikuwala ngati walandira uthenga wabwino. Tsiku limene ankaliyembekezera linali litafika. "Musatya, Achimwene," anatero, kundiuza ine kuti ndisaope. Ndodo yake yopempherera inali ku komboni, ndiye anagwira mgwala pakati ngati ndodo, n'kuyamba kuyenda kulowera mkati, akuimba. Ndipo mukudziwa mmene amachitira akamadzudzula chiwanda. Amamenyetsa ndodo pansi. Pansi pake panali mwala, ndi njanji.

Anamenya koyamba, ngwee! Ndinatsinzina. Ndinaganiza za mayi anga ku Mulanje, kuti adzangolandira bulangete. Nditatsegula maso ndinapeza tikadali moyo. Ndinakumba m'mutu kufuna liwu limodzi la Chishona lakuti tuluka, ndipo ndinalipeza. Ndinafuula ndi mphamvu zanga zonse, "Buda! Jonasi, buda!"

Kalanga ine! Buda ndi liwu lomwelo limene amauza chiwanda. Jonasi anamva kuti Achimwene, munthu wa tchalitchi chozizira cha mabuku, lero wadzuka, akumuthandiza. Anayankha mokondwa, "Ameni, Achimwene! Buda! Buda nezita raJesu!" Ngwee, kachiwiri.

Musaseke kwambiri, inu. Panopa n'zoseketsa, koma pamenepo ndinali nditaona manda. Kumugwira sindikanatha, anali wamphamvu kuposa ine, ndipo polimbana mgwala ukanagwera pa njanji. Kumufotokozera, chilankhulo chake ndinalibe. Kuthawa ndekha, miyendo inkafuna ndithu, sindikubisirani, koma moto wake ukanandipeza panjira pamodzi ndi anyamata onse aja. Ndipo ndikanakamuuza chiyani Mulungu za mwana wa eni amene ankandigawira nyemba?

Nzeru ina imabwera yokha. Ndinali nditawaonapo kutchire kuja mmene amachitira munthu akagwidwa: ndodo amaika pambali, chifukwa pamutu pa wodwala pamafunika manja onse awiri. Ndinadzigwetsa pansi. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, kapitawo wolemekezeka, ndinayamba kudzigudubuza m'fumbi la malasha, maso nditatembenuza, ndikulira ngati mbuzi yomangidwa. "Wandilowa! Jonasi, wandilowa ine!" Ndinkadzimenya pachifuwa kuti ngati mawu samva, aone ndi maso.

Nyimbo inaduka. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Anaima, mgwala uli m'mwamba, akundiyang'ana. Mtima wanga unkati, ika bwino, mwana wa amayi, usaponye. Ndipo poti kwa iye nthawi imeneyo sunalinso mgwala koma ndodo yopatulika, anaugoneka pansi mofatsa, pa mulu wa malasha, osamveka ngakhale phokoso. Sindinaonepo chinthu chokongola chotere, kupatula agogo anu, amene ndikudziwa kuti akumvetsera kuseri kwa chitsekocho.

Atangotambasula manja kuti andigwire mutu, ndinadzambatuka n'kuthawa. Ndinkathamanga pang'ono, n'kugwa, n'kulira, iye akayandikira ndadzukanso. Iye pambuyo, "Mira! Buda maari!" Akundiuza kuti ndiime, akulamula chiwanda chituluke mwa ine, pamene ine ndikumutulutsa iye. Chisoti chinkagunda denga, mawondo anasupuka, nsapato imodzi inatsala m'matope. Tinadutsa lona lija, tinadutsa mphambano, mpaka tinafika mumsewu waukulu wolowera mpweya watsopano.

Pamenepo anandigwira. Anandikhazika pansi, zikhatho zake zazikulu pamutu panga, akupemphera mpaka malovu kundigwera. Ine sindinalimbane nayenso. Kamphepo kozizira kanali kakundisisita pakhosi. Ana inu, ndamwapo madzi a pa kasupe wa m'phiri la Mulanje, ndadyapo uchi wa m'nkhalango ya Chirinda, koma palibe chokoma ngati mpweya umene uja. Ndinaupuma mpaka nthiti kuwawa, ndipo misozi inayamba kutsika yokha, yeniyeni tsopano. Jonasi ataona misozi anati, "Wabuda." Watuluka. Ine ndinati, "Inde, watuluka." Aliyense ankanena zake.

Chimene chinachitika n'chakuti ngolo ina inaphonya njanji pakati penipeni pa chitseko, chitseko n'kukanika kutsekeka, mpweya wonse n'kumadutsira pomwepo. Anyamata anaikankha, anatseka, akuluakulu anabwera ndi nyali zawo, chigawo chinatsekedwa mpaka gasi yense atakokedwa. Palibe anapsa ngakhale nsidze. Madzulo ake ndinadya poso wanga ngati munthu wochokera kundende, ndipo tinyemba touma timene ndinkatinyoza masiku onse tinakoma ngati nyama.

Koma ku komboni nkhani inali itafika kale ine ndisanasambe. Achimwene anagwidwa ndi chiwanda cha malemu, Jonasi wachichotsa. Anzanga a kwathu ankati akandiona amayamba kulira ngati mbuzi. Ndinapeza munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri kuti amufotokozere Jonasi bwinobwino za gasi, za mgwala, za moto. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumwetulira. Anati odwala onse amatero akachira, amakana. Ndinangomusiya. Chimene ndinaonetsetsa n'chakuti aphunzire kuwerenga lawi la nyali ija ndi maso ake, ndipo mawu akuti gasi ndinamulowetsa m'mutu ngati msomali.

Pa tchuthi ananditenga kuno kwawo kuti akandionetse kwa makolo ake monga umboni. Nditatsika basi ndinangoti kukamwa yasa. Mapiri, nkhungu, chiperoni chenicheni, ndi tiyi mbali zonse. Ndinazungulira dziko lonse kuthawa tiyi, tiyi n'kukhala akundidikira kutsogolo. Ndiye pakhomo pawo panatuluka mlongo wake atanyamula madhumbe otentha, koko uja, m'mbale, n'kugwada patali ndithu, kuopa chiwanda. Ndi amene akutsokomola m'nyumbamo.

Nkhani ya ukwati inavuta. Bambo awo sankafuna kumva za munthu wobwera, wosadziwika kwawo. Ankati anthu a kutali sudziwa mizimu imene anyamula. Jonasi anaimirira pakati pa akuluakulu n'kunena kuti, "Anyamata onse a m'mudzi muno palibe amene mukudziwa zimene zili m'kati mwake. Uyu yekha ndi amene ndikumudziwa kuti ndi woyera, ndinamuyeretsa ndekha." Nkhalamba zinayang'anana, zinagwedeza mitu. Pamenepo ndikanatsutsa? Iwe Tinashe, ukanatsutsa? Ndinangoyang'ana pansi ngati munthu wochiradi.

Agogo anu anakana zokakhala ku mgodi, ndipo mwana woyamba atabadwa anandiuza kuti sangalere mwana akuyang'ana kumsewu kudikira ine. Ndinabwerera ku dengu limene ndinalumbira kuti sindidzalinyamula. Jonasi naye anabwerako patapita nthawi. Tili kuno tinadzamva pa wailesi kuti kudera lomwe lija pansi paphulika, ndipo ambiri sanatuluke. Ena mwa iwo tinkadya nawo mbale imodzi. Tsiku limenelo tonse awiri tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo mame a m'tiyi sindinawadandaulenso, ngakhale m'mwezi wa Juni zala zikachita dzanzi. Munthu ukugwira ntchito thambo lili pamwamba pako, mphepo ikubwera yokha popanda chifani, ungafunenso chiyani?

Zaka zonsezi iye ankalalikira za ine. Pa ubatizo, pa maliro, pa ukwati wa amayi anu, nkhani inali yomweyo, ndipo chaka chilichonse chiwanda chija chinkakula. Chinayamba ndi kulira ngati mbuzi, pomaliza chinali ndi mawu asanu ndi awiri. Ine ndinkangokhala kutsogolo, chipewa pabondo, anthu akundiyang'ana mwachisoni.

Chaka chatha atagonekedwa ku chipatala cha mishoni kuphiri kuja, ndinapita kukamuona masana ena. Fumbi la malasha silikhululuka, linali litamudya m'chifuwa, ankapuma ndi kapaipi m'mphuno. Anauza ana ake kuti atuluke. Chinyanja anali atachidziwa bwino pofika nthawi imeneyo, ngakhale ankachipotoza. Anandigwira dzanja, zikhatho zija zitatsala mafupa okhaokha.

"Mlamu," anatero, "paja munkasuzumira ndi diso limodzi."

Ndinati, "Liti?"

"Pansi paja. Wogwidwa ndi chiwanda sasuzumira." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tsiku lomwelo sindinamvetse. Koma mutandionetsa kachipewa ka pa nyali, ndinakumbukira mgwala uja, ndipo sindinadye masiku angapo, osati chifukwa chosala."

Ndinakwiya, ana inu, ndinakwiyadi. "Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukundinyazitsa pa anthu mukudziwa?"

"Nanga mukanakwatira bwanji?" anatero. "Bambo akanakupatsani mwana wawo chifukwa cha gasi? Ndipo nditayamba kale, ndikanasiyira pati?"

Kapaipi kaja kankangolira. Kenako anandifinya dzanja.

"Pa maliro anga adzanena kuti ndinatulutsa chiwanda. Asiyeni anene. Koma adzukulu mudzawauze zoona. Tsiku lija amene anatulutsidwa ndi ine."

Ndiye ndakuuzani. Anamwalira ali nkhalamba yopanda mano, pa bedi, pa shiti yoyera, ana ake atamuzungulira, ndipo tinamuika m'manda amene tikudziwa pamene ali. Ine dzulo poona dzina lake pa mwala paja, ndi zaka zake zonse zitalembedwa, mtima wanga unangoti myaa.